Malinga a m'chigwa cha Zambezi: nyumba za atsamunda zimene zidasanduka maufumu

Munthu wolankhula Chichewa akamawerenga zimene Apwitikizi adalemba zokhudza chigwa cha Zambezi, amakumana ndi mawu awiri amene safuna womumasulira ngakhale kuti adalembedwa mwachilendo. Oyamba ndi aringa, ndipo khutu la Mchewa limamvamo linga, mpanda wolimba wa mitengo umene anthu ankathawiramo nkhondo ikafika. Achiwiri ndi mussoco, womwe ndi msonkho umene tonsefe timaudziwa. Pali chifukwa chimene mawu awiriwa adalowera pamodzi m'chilankhulo cha atsamunda a ku Sena ndi ku Tete, m'dziko limene lero ndi Mozambique, pakuti kwa mibadwo yambiri zinthu ziwirizi zinkadyetsana: msonkho unkamanga linga ndi kudyetsa asilikali okhalamo, ndipo linga linkachititsa kuti msonkho uziperekedwa popanda kuwiringula.

Vuto limene linkabala nyumba zankhondo lidali lofanana kulikonse kumene Azungu ankalanda malo a eni. Mfumu imene inkati dzikolo ndi lake idali kutsidya kwa nyanja, idalibe asilikali okwanira, ndipo sinkafuna kutaya chuma poteteza kamudzi kalikonse ka kumalire, choncho njira yotsika mtengo idali kuuza wolandira malo kuti adziteteze yekha. Pamene Angerezi ankagawa dera la Ulster ku Ireland kuyambira mu 1609, wolandira maekala 2,000 ankalamulidwa kumanga nyumba yolimba yamiyala pamodzi ndi mpanda wake, ndipo ngakhale wolandira maekala 1,000 ankayenera kumanga mpandawo. Ku New England, ku America, midzi ya kumalire inkasankha nyumba zingapo za makoma ochindikala zoti mabanja azigonamo nthawi ya nkhondo. Ku Deerfield mu Febuluwale 1704, Afalansa ndi eni nthaka ogwirizana nawo adalowa m'bandakucha pokwera chipale chofewa chimene chidaunjikana m'mbali mwa mpanda, nagwira anthu oposa 100 kupita nawo ku Canada, koma anthu ochepa amene adali m'nyumba ya Benoni Stebbins adalimba mpaka adaniwo adachoka. M'maiko amenewa Azungu ankangobwerabe ochuluka, ndipo m'kupita kwa nthawi boma lidafika ndi asilikali ake, nyumba zankhondo nkusanduka nyumba wamba. Ku Zambezi zidayenda mosiyana. Azungu sadachulukepo, boma lidachedwa zaka mazana atatu, ndipo amene ankaima pa mpanda ndi mfuti adali Mwafirika.

Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530 atakopeka ndi golide wa m'dziko la Mwenemutapa, ndipo poyamba adali amalonda chabe okhala mwachilolezo cha mafumu, monga momwe amalonda achisilamu ankakhalira iwo asadafike. Boma la ku Lisbon lidayesapo kulanda dzikolo ndi gulu lalikulu lochokera ku Ulaya. Francisco Barreto adanyamuka mu 1569 ndi asilikali pafupifupi 1,000, koma atafika ku Sena malungo adayamba kuwapulula, akavalo adafa, ndipo iye mwini adamwalira komweko mu 1573 asadaone mgodi ndi umodzi womwe. Kuchokera pamenepo zidadziwika kuti msilikali wa ku Ulaya sakhalitsa pa mtsinjewu, ndipo amene akufuna kulamula ayenera kupeza ankhondo a konko.

Luso lomanga linga Apwitikizi sadabwere nalo ayi. Adalipeza, ndipo adaliphunzira ndi misozi. Mu 1592 akuluakulu a asilikali a ku Sena ndi ku Tete, André de Santiago ndi Pedro Fernandes de Chaves, adapita kukamenyana ndi anthu a kumpoto kwa Zambezi amene Apwitikizi ankawatcha Azimba, omwe akatswiri ambiri a mbiri amati adali ankhondo a Amaravi a Lundu. Onse awiri adaphedwa pamodzi ndi anthu awo ambiri. Chaka chotsatira Dom Pedro de Sousa adabwera ndi mizinga kuchokera ku chilumba cha Mozambique, nazinga linga la Azimba kwa miyezi iwiri. Wansembe João dos Santos, amene adatumikirapo ku Sena ndi ku Tete, adalemba kuti lingalo lidali la mitengo yokhomedwa mizere iwiri, lolimbitsidwa ndi dothi, lozunguliridwa ndi ngalande yakuya, kotero kuti mizinga sinkaphula kanthu, ndipo amene adayesa kulithyola adathiridwa madzi ndi mafuta owira. De Sousa adabwerera chimanjamanja, ndipo pobwererapo Azimba adamulanda mizinga ndi katundu.

M'zaka za m'ma 1600 Apwitikizi eni ake adayamba kumanga mipanda yotereyi pa misika yawo ya golide ya m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, monga Dambarare ndi Luanze, makamaka Mwenemutapa Mavura atavomera pangano la 1629 limene lidawatsegulira dziko. Mipandayo sidawapulumutse pamene Changamire Dombo, mfumu ya Arozvi, adakantha Dambarare mu 1693 ndi kuwapirikitsa m'dera lonselo. Adabwerera kuchigwa, ndipo ndi kuchigwako kumene dongosolo lotchedwa prazo lidazika mizu.

Pa pepala, prazo idali malo a mfumu ya Portugal obwereketsedwa kwa mibadwo itatu. Wolandira ankayenera kulipira lendi, kukonza njira, kusunga bata, ndi kutumiza ankhondo boma likaitana. Malamulo ankatinso malowo azichoka kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi, ndipo mwanayo akwatiwe ndi Mpwitikizi wobadwira ku Ulaya, cholinga chili kukopa amuna achizungu kuti adzadzaze chigwacho. Mchewa sangadabwe ndi malo oyenda kuchikazi, mwamuna ali mkamwini. Chodabwitsa ndi chakuti amene adakonza lamuloli ankaganiza kuti mkamwini ndiye adzakhale mwini mudzi. Amuna ochokera ku Ulaya ankafa msanga ndi malungo, amayi a maprazo, otchedwa dona, ankakwatiwa kawiri kapena katatu nkumaphatikiza malo, ndipo ambiri ankakwatiwa ndi amalonda ochokera ku Goa ku India kapena ndi anzawo obadwira konko. Dona Francisca Josefa de Moura Meneses wa ku Tete, amene adathandiza ndi anthu onyamula katundu pa ulendo wa Francisco de Lacerda wopita kwa Kazembe mu 1798, anthu ankamutcha Chiponda, dzina limene likudzifotokoza lokha. Patapita mibadwo ingapo, mawu akuti muzungu pa Zambezi adaleka kunena za khungu. Ankatanthauza munthu wa banja la eni maprazo, wobatizidwa, wokhala ndi dzina la Chipwitikizi, ngakhale atakhala wakuda ngati anansi ake, wolankhula Chisena kapena Chinyungwe pakhomo, ndiponso wopita kwa sing'anga ndi kwa wansembe sabata imodzimodziyo.

Malo ambiri mfumu ya Portugal idangowadinda chidindo atatengedwa kale, mwina pa nkhondo, mwina pa ukwati, mwina ngati malipiro ochokera kwa mfumu ya konko imene idathandizidwa kugonjetsa mnzake. Anthu a m'midzi ankakhalabe ndi mafumu awo ndi milandu yawo, koma chaka ndi chaka ankapereka msonkho wa mapira, nkhuku, uchi, nsalu za thonje zoluka okha kapena fumbi la golide, ndipo njovu ikaphedwa, mnyanga wogunda pansi udali wa mwini prazo, monga momwe kale udaliri wa mfumu ya dziko. Mlendoyo sadabweretse ulamuliro watsopano. Adangokhala pa mpando umene adaupeza.

Mphamvu yake yeniyeni idali Achikunda. Awa adali akapolo onyamula zida, ambiri a iwo ochokera kutali ndi malo amene ankatumikira, kuphatikizapo kumpoto kwa mtsinje pakati pa Achewa, Amang'anja ndi Ansenga. Ena adagwidwa pa nkhondo, ena adagulidwa, ndipo ena adadzipereka okha nthawi ya njala mwa kuswa dala chinthu cha mbuye amene ankafuna kuti awasunge. Ankakhala m'midzi yawo yomwazikana pa prazo, m'magulu otsogozedwa ndi mkulu wotchedwa mukazambo, ndipo ntchito yawo idali kutolera msonkho, kulonda malire, kusaka njovu, kupalasa mabwato ndi kuperekeza malonda kutali. Khasu ankalinyoza. Popeza adalibe abale pakati pa anthu olima, sankamva chisoni polanda nkhokwe ya wokana msonkho, ndipo n'chifukwa chake eni maprazo ankakonda akapolo akutali. Koma mwambo unkati Achikunda ndi a malowo, sagulitsidwa, ndipo mbuye wophwanya mwambowu ankatha kudzuka m'mawa n'kupeza kuti asilikali ake amuthawa kapena amutembenukira.

M'zaka za m'ma 1700, pamene chigwa chidali pa mtendere pang'ono, nyumba ya mwini prazo, yotchedwa luane, sidali linga lenileni. Idali nyumba yaikulu ya makoma ochindikala ndi khonde lotambalala, yokhala ndi mosungira nsalu, mikanda, minyanga ndi wonga, ndi bwalo lotchingidwa kumbuyo kumene antchito a pakhomo ankakhala. Chitetezo chake chidali anthu osati makoma: mdani asadafike pakhonde ankayenera kudutsa midzi ya Achikunda, ndipo ng'oma ikalira ankhondo mazana ankasonkhana tsiku lomwelo. Boma lidali ndi malinga ake, la São Marçal ku Sena ndi la São Tiago Maior ku Tete, koma m'katimo mudali asilikali ochepa, ambiri a iwo akaidi othamangitsidwa kwawo, olipidwa mochedwa ndiponso odwaladwala.

Zonsezi zidagwa pakati pa 1800 ndi 1840. Minda ya ku Brazil inkafuna akapolo ochuluka kudzera pa doko la Quelimane, ndipo eni maprazo ena, pofuna phindu la msanga, adayamba kugulitsa alimi a pa malo awo omwe, mpaka Achikunda amene mwambo unkawateteza. Kenaka m'zaka za m'ma 1820 kudagwa chilala cha zaka zotsatizana pamodzi ndi dzombe ndi nthomba, midzi idabalalika, ndipo magulu a Achikunda opanda mbuye adayamba kudya ndi mfuti. Ali m'kati mwa zimenezi adafika ankhondo ochokera kummwera. Zwangendaba adaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana limene Angoni amalikumbukirabe, ndipo chaka chotsatira Apwitikizi adausiya mudzi wa Zumbo. Anthu a Soshangane a ufumu wa Gaza, amene Apwitikizi ankawatcha Landins, adayamba kubwera chaka chilichonse ku Sena ndi ku Shupanga kudzatenga msonkho wa nsalu ndi mikanda kwa atsamunda eni ake. Lisbon idalamula mu 1832 ndiponso mu 1854 kuti maprazo athe, koma padalibe munthu pa mtsinje woti akwaniritse lamulolo. Maprazo ang'onoang'ono adafa okha. Amene adatsala adali mabanja ochepa amene adasonkhanitsa Achikunda omwazikana aja ndi kumanga malinga.

Linga la nthawi imeneyi liyenera kufotokozedwa bwino, chifukwa mphamvu yake idali m'kamangidwe kooneka wamba. Omanga ankadula mitengo yaiwisi ya mitundu imene imaphuka ikazikidwa, monga mmene mlimi amachitira ndi mpanda wa khola, naikhoma mothithikana mizere iwiri kapena kuposa, pakati nkuthirapo dothi ndi miyala. Mvula ikagwa kawiri katatu, zichirizo zinkamera mizu ndi nthambi, mpanda nkusanduka khoma la mitengo yamoyo. Chiswe sichinkaudya monga chimadyera mtengo wouma, moto sunkaugwira, ndipo chipolopolo cha mzinga, chimene chimagumula khoma la njerwa, apa chinkangolowa m'thunthu kapena kupyola n'kusiya kabowo kotsekeka usiku umodzi. M'mpandamo munkasiyidwa mabowo oombera mfuti, m'makona munkamangidwa nsanja za alonda ndi poika timizinga, ndipo kunja tchire linkalambulidwa kuti mdani asowe pobisala. Malinga akuluakulu ankamangidwa m'mphepete mwa mtsinje, kotero kuti owazinga sakadatha kuwamana madzi, komanso bwato lililonse lodutsa linkakhala pakamwa pa mfuti. M'kati mudali nyumba ya mbuye, nthawi zina yamiyala, nyumba za akazi ake ndi akapitawo, nkhokwe, mosungira wonga, ndi malo oti anthu a midzi yozungulira alowemo ndi mbuzi zawo nkhondo ikamveka. Ili silidalinso khomo la banja limodzi, udali mzinda.

Kwa mlimi wa m'zaka zimenezo, linga lidali pangano lowawa. Kunja kudali Angoni, ogwira akapolo ndi njala. M'kati mudali chitetezo, koma mtengo wake udali msonkho, ntchito yokhoma mpanda, ndi ana aamuna oti akalowe usilikali. Mpanda womwewo umene unkaletsa mdani kulowa unkaletsanso akapolo kutuluka, ndipo m'malinga ambiri mudali anthu omangidwa m'magoli oyembekezera ulendo wa kunyanja. Kuthithikana nakonso kunkapha. Amishoni a Bishopu Charles Mackenzie adaziona zimenezi ku Magomero mu 1861, pamene adasankha malo ozunguliridwa ndi mtsinje wa Namadzi natseka mbali yotsalayo ndi mpanda: adani sadalowe, koma kamwazi adalowa, chifukwa anthu ochuluka ankamwa ndi kutaya zonyansa pa malo amodzi.

Linga lotchuka kuposa onse lidali la Massangano, pafupi ndi pamene mtsinje wa Luenha, umene ku Zimbabwe amautcha Ruenya, umathira mu Zambezi kumunsi kwa Tete. Amene adalimanga m'zaka za m'ma 1840 ndi Joaquim José da Cruz, wodziwika kuti Nhaude, wa banja limene kholo lake lidachokera ku Asia. Malowo adasankhidwa mwanzeru, pakuti katundu aliyense wochokera ku Quelimane kupita ku Tete ankayenera kudutsa pamenepo, ndipo Nhaude ankalipiritsa kapena kulanda monga wafunira. Akuluakulu a ku Tete atatumiza gulu lokamulanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850, iye adatuma mwana wake António Vicente da Cruz, wotchedwa Bonga, kuti azembere kumbuyo. Bonga adatentha mudzi wa Tete, kusiya linga la boma, tchalitchi ndi nyumba zochepa. David Livingstone, amene adafika ku Tete mu Malichi 1856 napeza kuti Apwitikizi osakhala asilikali sankakwana 20, adadutsa pa Massangano potsika mtsinje. Adaona kuti mitengo ya mpandawo inkaoneka yamoyo ndipo sikadapsa, naweruza kuti sitima yankhondo ikadaliphwanya mosavuta, koma kwa anthu okhala ndi mfuti zagogodela zokha lidali chinthu choopsa.

Pakati pa 1867 ndi 1869 boma la Apwitikizi lidatumiza magulu ankhondo anayi kukagwetsa linga la Bonga, ndipo onse anayi adalephera. Loyamba lidatsogozedwa ndi bwanamkubwa wa Tete, Miguel Augusto de Gouveia, amene adapeza linga lili lopanda anthu, nalowa mokondwa, osadziwa kuti ndi msampha. Anthu a Bonga adabwerera, gulu lake lidaphedwa, ndipo iye adagwidwa naphedwanso. Lachiwiri lidabwerera lisadachite kanthu. Lachitatu, mu 1868, lidazinga lingalo ndi kuliomba ndi mizinga, koma a m'kati adatuluka modzidzimutsa nalikantha koopsa. Lachinayi, mu 1869, lidali ndi asilikali otumizidwa kuchokera ku Portugal ndi ku India, ndipo lidathera m'njala, malungo ndi kuthawa kosokonekera m'mphepete mwa mtsinje. Mitu ya ophedwa idakhomedwa pa nsonga za mpanda, pamene aliyense wodutsa pa bwato ankaiona. Bonga adamwalira ali m'linga lake mu 1879, boma litamusiya.

Si mitengo yokha imene idagonjetsa magulu amenewa. Gulu lochokera kunyanja linkayenda masabata ambiri pa mabwato ndi pa mapazi, ufa ndi wonga zili pamitu ya amtengatenga amene ankathawa akamva dzina la Bonga, ndipo likamafika theka la Azungu lidali litagona kale ndi malungo. Pozinga linga, ozingawo ndi amene ankayamba kumva njala, chifukwa nkhokwe za m'derali zidali m'kati mwa mpanda, ndipo Achikunda ena a Bonga ankakhala kuthengo nkumadula njira ya chakudya. Choposa zonse, ankhondo ambiri a boma adali obwerekedwa kwa eni maprazo ena, amene sankafuna kwenikweni kuti boma lizolowere kugwetsa malinga, popeza aliyense wa iwo adali ndi lake.

Apa ndi pamene pali phata la nkhaniyi. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo eni malinga adali atakhala pa mkhate wa Lisbon. Portugal inkauza maiko a ku Ulaya kuti Zambezi ndi wake kuyambira kunyanja mpaka ku Zumbo ndi kupitirira, koma umboni wokha wa zimenezo udali anthu omwewa, okhala ndi maina a Chipwitikizi ndi mbendera imene ankaikweza akafuna. Kuwaphwanya kudali kuphwanya umboniwo. Choncho boma linkawapatsa maudindo a usilikali ndi mayunifolomu, Bonga yemweyo adali ndi udindo wotere, ndipo chaka china munthu ankatchedwa chigawenga, chaka chotsatira nkutchedwa mtumiki wokhulupirika wa mfumu. Kumpoto kwa Tete, banja la Pereira lochokera ku Goa lidalandira malo kwa Undi, kenaka lidakula mpaka kukhala ufumu wa Makanga pakati pa Achewa, olamulira ake akulowa ufumu mwa miyambo ya konko ndi kumenyana ndi Tete pamene afunira. Kumtunda, Zumbo atatsegulidwanso mu 1862, José do Rosário Andrade, wotchedwa Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wotchedwa Matakenya, adamanga malinga awo nayamba kusakaza chigwa cha Luangwa ndi maiko ozungulira pofuna minyanga ndi akapolo. Zikalata za atsamunda zimatcha zonsezi kuteteza malire, koma m'malo ambiri malirewo ankayenda kutsogolo pamodzi ndi linga, ndipo amene ankafunika chitetezo adali anthu okhala kunja kwake.

Chigwa cha Shire chidalawa zimenezi mwachindunji. Paulo Mariano Vaz dos Anjos adali ndi linga pa Shamo, kufupi ndi pamene Shire amathira mu Zambezi, ndipo Livingstone atabweranso mu 1858 adapeza Apwitikizi ali pa nkhondo ndi anthu ake. Mariano adamangidwa kwa kanthawi, adamasulidwa, nakamanganso pafupi ndi phiri la Morumbala, kumene ankhondo ake ankachokera pokagwira Amang'anja. Nkhondo zimenezi pamodzi ndi chilala cha 1862 ndi 1863 zidasiya mitembo ikuyandama mu Shire. Amakololo amene Livingstone adawasiya kwa Chibisa, monga Kasisi ndi Chipatula, adatenga njira yomweyo: mfuti, linga m'mbali mwa mtsinje, ndi anthu othawa nkhondo osonkhana pansi pawo. Malinga awo ndi amene adatsekereza anthu a Mariano ndi Apwitikizi kukwera Shire, ndipo zimenezi zidathandiza kuti dera la Chikwawa lidzagwere mbali ya Angerezi pogawa malire.

Munthu amene adafikitsa luso la malinga pachimake adali Manuel António de Sousa, wobadwira ku Goa, amene anthu a konko ankamutcha Gouveia, ngakhale kuti sadali pachibale ndi bwanamkubwa wophedwa uja. Iye adakhazikika ku Gorongosa, nakana kupereka msonkho kwa Agaza, ndipo m'malo modalira linga limodzi lalikulu adamanga mndandanda wa malinga ambiri, lililonse lili ndi kapitawo wake, ndipo m'malo ena adaikamo akazi ake. Adakwatira mwana wa Makombe, mfumu ya dziko la Barue, ndipo cha m'ma 1880 adalanda ufumuwo. Kwa Lisbon iye adali mphatso, chifukwa adali ndi ankhondo zikwi zingapo amene boma silinkawalipira. Koma ufumu womangidwa pa munthu mmodzi umagwedezeka munthuyo akasowa. Mu Novembala 1890 apolisi a kampani ya Cecil Rhodes adamugwira kwa mfumu Mutasa ku Manica pamodzi ndi mkulu wa asilikali wa Chipwitikizi Joaquim Paiva de Andrada, ndipo mbiri itamveka, Abarue ndi ena mwa akapitawo ake adatenga malinga aja kukhala awo. Atamasulidwa adayesa kuwalandanso, naphedwa mu 1892 pa nkhondo yolimbana ndi mipanda imene luso lake lomwe lidafalitsa.

Pofika nthawi imeneyi zinthu zidali zitasintha ku Ulaya. Msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885 utatha, mbendera ya munthu wosamvera boma sidalinso umboni wokwanira, ndipo chenjezo la Britain la pa 11 Januwale 1890, lolamula Apwitikizi kuchoka ku Shire ndi ku Mashonaland, lidaonetsa Lisbon kuti iyenera kulamula yokha kapena kutaya zonse. Zida nazo zidasintha: kudabwera mfuti zothira zipolopolo kumbuyo, mizinga ya zipolopolo zophulika, mfuti za chiwaya, sitima zankhondo za pa mtsinje, ndi kwinini wochepetsa imfa za malungo. Mpanda umene unkameza chipolopolo cha chitsulo sukadateteza anthu othithikana ku bomba logwera pakati pawo. Massangano idagwa mu 1887 m'manja mwa ankhondo a de Sousa ndi Paiva de Andrada, a banja la da Cruz adabwereramo, ndipo idagwa komaliza mu 1888 pa nkhondo yotsogozedwa ndi bwanamkubwa Augusto de Castilho. Linga la Maganja da Costa, limene Achikunda ankaliyendetsa okha posankha akapitawo awo mbuye wawo atamwalira, lidagwa mu 1898. Barue ndi Makanga zidagonja mu 1902, ndipo gulu la João de Azevedo Coutinho limene lidagwetsa malinga a Barue lidali la Aafirika ochuluka kwambiri kuposa Azungu, ambiri a iwo ochokera m'maprazo.

Malinga adatha, koma msonkho udatsala. Lamulo la 1890 lokonzedwa ndi nduna ya boma la Portugal António Enes lidaukitsa maprazo mwa mtundu wina, kuwabwereketsa kwa makampani, ndi kulamula kuti theka la msonkho lizilipidwa ndi ntchito. Companhia de Moçambique, Companhia da Zambézia, Boror ndi minda ya nzimbe ya John Peter Hornung, imene idadzakhala Sena Sugar Estates, zidalowa m'malo mwa mabanja akale, ndipo ana a Achikunda ambiri adavala yunifolomu ya sipaio, msilikali wotolera msonkho ndi kugwira anthu a ntchito yokakamiza. Nkhanza zimenezi zidathandiza kubutsa kuukira kwa Barue mu 1917, ndipo zidathamangitsa mabanja ambiri a Asena kuolokera ku Nyasaland, kumene zidzukulu zawo zili ku Nsanje ndi ku Chikwawa lero. Achikunda ena adakhazikika kumtunda, pamene Luangwa amakumana ndi Zambezi, ndipo akadali komweko m'maiko atatu: ku Zumbo mbali ya Mozambique, ku Luangwa mbali ya Zambia, ndi kutsidya ku Zimbabwe pa malo olowera m'dzikomo amene mpaka lero amatchedwa Kanyemba.